Za Mafuta a Duwa la Rozi

Akhristu anzathu, m'mwezi uno wa Meyi, pamene ife tikuika maluwa pamaso pa Amayi Maria, anthu a ku Kazanlak, m'dziko la Bulgaria, akuyamba kuthyola maluwa a rozi. Amalawirira mame asanakamuke, pakuti dzuwa likakwera fungo limathawa. Maluwawo amawaphika ndi madzi m'mbiya zazikulu zamkuwa. Nthunzi imadzera mumpope wozizira, nisanduka madzi, ndipo mafuta amayandama pamwamba. Katchezedwe kake nkofanana ndi ka kachasu, koma kameneka sikapasula banja.

Kilogalamu imodzi ya mafutawa imadya maluwa opitirira makilogalamu 3,000. Chifukwa chake amisiri a zonunkhira amangodonthezako pang'ono mu spiriti, nawonjezera zina zosauluka msanga, monga utomoni wa mitengo, kuti fungo likhalitse.

Tsono alipo amalonda osaopa Mulungu amene amathiramo mafuta otsika mtengo a jeraniyamu, nalumbira kuti ndi rozi weniweni. Inu amayi, kabotolo kotchipa ka pamsika musakalipire mtengo wa mbuzi chifukwa cha dzina lokha: fungo lake kawirikawiri ndi lopangidwa m'fakitale. Mafuta enieni osasakaniza amaundana kukazizira, monga m'mawa wa Juni kwathu kuno, nasungunuka mukafumbata botolo m'dzanja.