Mwini msewu asatisankhire ngolo yodutsa

M'chaka cha 2007 atolankhani a Associated Press ku America anayesa kutumiza Baibulo la King James kuchoka pa kompyuta imodzi kupita pa ina kudzera pa BitTorrent. Pa mawaya a kampani ya Comcast, Baibulolo linkakanika kudutsa. Sikunali kuthima kwa magetsi ayi. Kampaniyo inkasokoneza dala mauthenga a mtundu umenewu, anthu atalipira kale ndalama zawo zapamwezi, ndipo sinawauze.

Nkhani ya net neutrality yagona pamenepa. Dzinali analitchukitsa ndi mphunzitsi wa zamalamulo Tim Wu mu 2003, ndipo tanthauzo lake ndi losavuta: kampani yokufikitsirani intaneti inyamule uthenga uliwonse mosakondera, osatsekereza wina, osachedwetsa wina, osalandira ndalama kuti wolemera adutse msanga. Ife tikuima nayo mfundo imeneyi.

Eni mawaya amati: tinakumba ngalande ndife, tinaimika nsanja ndife, nanga Google ndi Netflix azidyerera bwanji thukuta lathu? Ed Whitacre, mkulu wa kampani ya SBC, anayankhula zotere poyera mu 2005. Dandauloli limamveka ngati la munthu woberedwa, koma tiyeni tiwerengere bwino. Wogula intaneti walipira kale kuti alandire chilichonse chimene wafuna. Wotumiza kanema nayenso walipira kale njira yake yolowera pa intaneti. Tsono ndalama yachitatu ndi ya chiyani? Ndi ya pachipata basi, chipata chimene mwini msewu wadziikira yekha chifukwa akudziwa kuti m'madera ambiri a ku America mulibe msewu wina wodalirika. Mu 2014, makanema ake atayamba kudodoma pa mawaya a Comcast, Netflix inavomera kulipira. Inali nazo ndalamazo. Nanga mnyamata amene wangoyamba kumene kawailesi kake ka pa intaneti akanazitenga kuti?

Bungwe la boma loyang'anira zamauthenga, FCC, lakhala likusintha mawanga ndi nyengo ya ndale. Malamulo ake a 2010 anagwa kukhoti mu 2014, Verizon itasuma. Mu 2015, pansi pa Tom Wheeler, linaika malamulo okhwima. Mu Disembala 2017 Ajit Pai, yemwe kale anali loya wa Verizon, anatsogolera kuwachotsa. Mu 2024 anabwezeretsedwa. Pa 2 Januwale 2025 khoti la apilo la ku Cincinnati linawathetsanso, ponena kuti bungweli lilibe mphamvu zotero.

Chimene chimatiwawa kwambiri chinachitika pakati pa mpungwepungwewu. Mu 2018, moto wolusa wa Mendocino Complex ukunyeketsa nkhalango za ku California, Verizon inachepetsa liwiro la intaneti ya ozimitsa moto a ku Santa Clara chifukwa anali atapyola mlingo wawo wapamwezi. Atadandaula, anauzidwa kuti agule pulani yodula kwambiri. Pambuyo pake kampaniyo inavomera kuti inalakwitsa, nkunena kuti zimenezi sizikukhudzana ndi net neutrality. Mwina pa chilembo cha lamulo inkanena zoona. Komabe tinaona ndi maso athu zimene mwini chipata amachita pamene palibe womufunsa, ngakhale nyumba za anthu zikupsa. Chaka chomwecho California inakhazikitsa lamulo lakelake loteteza mfundoyi.

Koma tisapusitsidwe nkuyesa makampani a mbali inayo ndi otimenyera nkhondo. Amakonda msewu wosakondera pamene iwo ali apaulendo. Akapeza mpata wokhala pachipata, nyimbo imasintha. Facebook inayambitsa Internet.org ku Zambia mu 2014, pulogalamu imene inadzatchedwa Free Basics ndipo inafikanso ku Malawi: masamba owerengeka aulere, ovomerezedwa ndi kampaniyo, enawo mulipire. India inakana zimenezi mu 2016, ndipo inachita bwino. Chaulere chokusankhirani chowerenga ndi tsankho lomwelija, langovala malaya achifundo.

Ndipo nkhaniyi ili m'matumba mwathu momwemu. Tonsefe timadziwa mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okhaokha. Sitinyoza wogula, pakuti m'thumba mukachepa munthu amagula chimene angathe. Tikufunsa wogulitsa: bwanji megabaiti yocheza ikhale yotsika mtengo kuposa megabaiti yomweyo yotsegulira tsamba la sukulu? Mtsikana wa Fomu 4 amalandira pa WhatsApp linki ya mayeso akale, nkuidina, tsamba osatseguka, bandulo ikadali yodzaza.