MAU A SABATA INO: Khutu, dzanja ndi phazi

Abale anga a ku Insaca ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Chiuta, tatsegulani Levitiko mutu 8. Ambirife timaudumpha mutuwu poyesa kuti ndi nkhani ya nyama zophedwa chabe.

Mose popatula Aroni kuti akhale wansembe, anayamba wamsambitsa, kenaka anamuveka ndi kumudzoza mafuta. Koma taonani pamene anapaka mwazi wa nkhosa yamphongo: pa khutu lamanja, pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, ndi pa chala chachikulu cha phazi lamanja.

Khutu ndilo loyamba. Ine ndimaona kuti Aroni ameneyu ali m'kati mwa aliyense wopemphera. Ife timafika m'tchalitchi pakamwa pali potsegula kale, kumuuza Mulungu za njala, za ngongole, za mwana ali ku Cuamba. Nthawi yomvetsera tilibe. Khutu lomwe lamwa miseche ya pachitsime ndi ya pamsika wa Entre Lagos sabata yathunthu, lingamve bwanji Mwini wake? Tayesani kukhala chete m'mamawa, wailesi isanatsegulidwe, khasu lisanagwidwe. Dzanja ndi phazi zimangotsata zomwe khutu lamva.

M'Chihebri kupatula wansembe amati kudzaza manja. Nanga manja amene akadafumbatabe chidani cha nkhondo ija inatha mu 1992, Mulungu aikamo chiyani?

Ndipo Aroni sanathamangire kuguwa. Anakhala pakhomo pa chihema masiku 7, usana ndi usiku. Inu atsogoleri a miphakati, amene mumatsogolera mapemphero kumene ansembe safika kawirikawiri, yambani ndi Loweruka madzulo.