Nyimbo za Ambuye Zili Pafupi Kuchila Joni

Ngenani mu studio ya mukomboni, kaya ni pa Chongwe kaya ni mu Mtendere, muzamvela chintu chimozi chabe: amapiano. Beat ni ya ku Joni, kaimbidwe ni ka ku Lagos, koma mufana amene aimba anakulira m'mbali mwa Great East Road. Si mulandu, tonse timavina. Manje nifunseko: pali nyimbo zonsezi, yathu ni iti?

Lekani nikuuzeni za mudala wina wa ku dziko la Czech, Leoš Janáček. Anabadwa mu 1854 pa mudzi wa Hukvaldy ku Moravia. Pamene anzake anali kukopela kaimbidwe ka ku Germany, iye anali kuzungulira m'midzi kulemba nyimbo za alimi. Anali kuyendanso na kabuku m'thumba. Akamva munthu akamba mumseu kapena pa msika, anali kulemba mwamene mawu akwerera na kutsikira, monga ni nyimbo.

Sanangotenga nyimbo za m'mudzi n'kuikapo dzina lake, iyai. Anaphunzira mayendedwe ake, n'kupanga zake. Opera yake Jenůfa, nkhani ya mtsikana wa kumudzi amene watenga mimba asanakwatiwe, inaonetsedwa koyamba ku Brno mu 1904. Akuluakulu a mu Prague anainyoza kwa zaka, n'kuilola chabe mu 1916, mudala atapitilira zaka 60. Lero iimbidwa ku London na ku New York.

Musakambe ati ni va azungu ivi. Alick Nkhata, uja ali na mseu wake pa Mass Media mu Lusaka, anayenda na Hugh Tracey kujambula nyimbo za makolo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo pambuyo pake anaziveka gitala pa wailesi. Amayenge nawo anavinitsa Zambia yonse na nyimbo zochokera m'mitundu yosiyanasiyana.

Nanga Chongwe? Chaka na chaka, mvula ikayandikira, Asoli amakumana pa Chakwela Makumbi, pamene Amfumu Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula na kudalitsa mbeu. Ng'oma zilipo, nyimbo zilipo, zovina zilipo. Koma Lusaka ikukulira kum'mawa, minda isanduka maploti, ndipo ana ambiri akula na Chinyanja cha m'tauni, Chisoli achimvela chabe kwa ambuye. Ambuyewo akapita, nyimbo ya pa mtondo na yotonthoza mwana ipita nawo kumanda. Ploti ungagule ina. Nyimbo ikaikidwa m'manda sibwerera.

Janáček anali na kabuku na pensulo. Imwe muli na foni. Loweruka ili, m'malo mosakila beat ya mahala pa intaneti, kwerani basi mukaone ambuye. Tengankoni shuga na chitenge. Apempheni aimbe, jambulani, funsani tanthauzo la liwu lililonse. Mverani na mwamene akambira, chifukwa m'zilankhulo zathu mawu amakwera na kutsika kale, nyimbo ilimo.

Koma vintu viwiri, mwandi. Funsani akulu ngati nyimboyo ni yololedwa kutuluka, chifukwa zina ni za mwambo, si za mu bawa. Ndipo ikagunda pa wailesi, dzina la ambuye lilembedwe, na ndalama yawo ifike kumudzi.

Tionana sabata ya mawa.