Njinga ya Magetsi ya Okalamba ndi Olumala: Tiisamale Bwanji?

M'mipingo yathu ina tayamba kuona njinga za magetsi zimene okalamba ndi olumala amayendera. Zina zimatumizidwa ndi ana awo amene ali ku Joni. Kwa munthu amene miyendo inaleka kumunyamula, njinga imeneyi ndiyo imamufikitsa kutchalitchi, kuchipatala ndi kumaliro. Koma mabatire akafa, mwini wake amabwerera kukabindikira pakhonde, pakuti atsopano ndi okwera mtengo ndipo sapezeka pafupi. Chifukwa chake tiyenera kudziwa kasamalidwe kake.

Njinga zambiri zotere zili ndi mabatire awiri a mtovu, lililonse la mavolti 12, ndipo onse pamodzi amapereka mavolti 24. Batire la mtovu silifuna kutheratu moto. Likagonera lopanda moto masiku ambiri, pamtovu wa m'kati mwake pamakakamira zinthu zouma zonga mchere, ndipo silisunganso moto monga kale. Choncho tsiku lililonse limene njinga yayenda, tiyeni tiitchaje madzulo mpaka idzaze, zimene zimatenga maola 8 kufikira 12. Ngati mwini wake wadwala ndipo njinga ikungokhala, itchajidwebe, osalola kuti mwezi uthe. Kumene magetsi amazimazima, akangoyaka tiyambe ndi njingayi. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, tchaja ichotsedwe kukhoma.

Tigwiritse ntchito tchaja imene inabwera ndi njingayo. Njinga zina za makono zili ndi batire la lithium, ndipo tchaja yolakwika ikhoza kuliyatsa moto. Batire la galimoto nalonso siliyenera, pakuti linapangidwira kuliza injini kamphindi kochepa, osati kuyendetsa munthu ulendo wonse. Batire limodzi likafooka, tisinthe onse awiri, chifukwa lakale limafooketsa latsopano. Kutentha kumafupikitsanso moyo wa batire, ndipo kuchigwa cha Zambezi, monga mumzinda wa Tete, dzuwa la Okotobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Njinga iime pamthunzi, ndiponso isavumbwe ndi mvula.

Poyendetsa tikumbukire kuti mchenga, matope, chitunda ndi katundu wolemera zimatha moto msanga. Ulendo tiuyeze ndi moto wobwerera nawo. Pokwera ndi potsika, kiyi azimitsidwe, kuti chovala chikakola chogwirira njinga isadzidzimuke. Kumbuyo, pafupi ndi matayala, kuli kachitsulo komasula mabuleki kuti njinga ikankhidwe ndi manja. Kachitsuloka kasamasulidwe pamtsetse munthu ali pampando, pakuti njinga idzathamanga yopanda choiimitsa.

Batire lakufa lili ndi mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana. Lisang'ambidwe, lisatayidwe kumtsinje kapena m'munda, koma liperekedwe kwa ogulitsa mabatire.

Pomaliza tikupempha akulu a mpingo ndi atumiki: pakhomo la tchalitchi pakhale njira yotsetsereka pang'ono m'mbali mwa masitepe, ndipo kumene kuli magetsi pakhale soketi imodzi ya abale amenewa. Makolo, uzani ana kuti njingayi si choseweretsa. Moto umene iwo athera pabwalo Loweruka ndi umene ukanafikitsa agogo awo ku mapemphero Lamulungu.

Ambuye akudalitseni nonse.