Mphaka Wamantha Nayenso Afuna Kwao

Mwa ziweto zonse za m'dziko muno palibe china chimene timachiweruza msanga monga mphaka. Galu akathawa munthu timati anamenyedwa, mbuzi ikathawa timangoseka, koma mphaka akatibisalira ndi kutiyang'ana ali mumdima, ena ayamba kunong'onezana za ufiti. Ine ndifuna kutsutsa maganizo otere m'magazini athu ano, pakuti pasukulu pathu pali mphaka amene moyo wake uli m'manja mwathu.

Ambiri a inu mumdziwa. Ndi wamkazi, wotuwa, ndipo amakhala pansi pa mulu wa nkhuni kuseri kwa khitchini. Anafika teremu yatha ali wowonda, khutu lina litang'ambika. Masana saoneka, ndipo munthu akangoponda pafupi amathawa. Komabe abambo amene amatiphikira akuti chifikire iye makoswe achepa m'sitolo ya chimanga ndi nyemba. Tsono tchuthi chayandikira. Khitchini idzatsekedwa, makombo adzasowa, ndipo agalu oyendayenda adzalowa pabwalo popanda wowathamangitsa. Ndamva ena akunena kuti kuli bwino kummanga m'thumba ndi kukamponya mumtsinje wa Domasi. Ine nditi ayi. Timpezere pakhomo.

Tiyambe tafunsa, kodi manthawa achokera kuti? Odziwa za ziweto anapeza kuti kamwana ka mphaka kamazolowera anthu pamene kali ndi masabata 2 kufikira 7. Kakapanda kugwidwa ndi dzanja lachifundo pa nthawi imeneyo, kamakula koopa munthu. Onjezanipo miyala ndi malegeni a ana a m'njira, mudzaona kuti mphaka wathuyu ali ndi chifukwa chokwanira chotiopera. Ife amene tinabwera kuno tiri aang'ono, osadziwa munthu, tikumbuka usiku woyamba m'nyumba zogona, mmene tinafundira bulangete kumutu. Palibe anatiyesa afiti chifukwa cha mantha athu. Anatipatsa nthawi ndipo tinazolowera.

Amene ati mphaka alibe ntchito afunse makolo awo amene amalima mpunga m'madambo a kunsi kuno cha ku Chilwa, kapena amene amasunga chimanga m'nkhokwe. Khoswe amadya, amaboola matumba, ndipo chimene sanadye amachiipitsa ndi ndowe zake. Mankhwala ophera makoswe afuna ndalama, ndiponso amapha nkhuku, ngakhale mwana amene wawatola. Anthu akale a ku Egypt, amene chuma chawo chinali tirigu, analemekeza amphaka kwambiri chifukwa chosunga nkhokwe zawo. Nanga ife ophunzira, amene tiwerenga zimenezi m'mabuku, tidzaopa bwanji kanyama kamene katisungira nsima?

Ena anena kuti timtumize kumabungwe osamala nyama. Mabungwe otere alipodi. Ku Lilongwe kuli la LSPCA limene linayamba mu 2008 ndipo ku Blantyre kuli linzake, ndipo amalandira agalu ndi amphaka osowa mwini ndi kuwafunira owasunga. Ntchito yawo njotamandika. Koma taganizani za mphaka wamantha pamalo otere. Agalu akuuwa, alendo akudutsa, iye wadzipanikiza pakona. Munthu wofuna mphaka akafika amasankha kamene kakusewera ndi kumthamangira, wamantha uja natsala. Ndiponso ulendo wa basi wochoka ku Domasi kukafika ku Blantyre ndi wautali kwa nyama imene sinalowepo m'galimoto. Ndiona kuti udindowu ngwathu, ndipo pakhomo pake pafunika kupezeka m'chigwa chathu chomwe chino.

Si pakhomo paliponse pamene pamuyenera. Pakhomo pa ana ambiri okonda kunyamula ziweto, kapena pa agalu osaka, adzathawa tsiku lomwelo. Pamuyenera pakhomo pabata, monga pa agogo amene ali ndi nkhokwe, kapena pa aphunzitsi amene sachoka pa tchuthi. Womtenga adziwiretu kuti mphaka uyu kapena sadzakhala pamiyendo pake konse. Adzagwira makoswe, adzabwera pa nthawi ya chakudya, ndipo mwina tsiku lina adzalola kusisitidwa. Amene afuna zoposa apa asamtenge.

Kasamutsidwe kake nakonso kafuna nzeru. Asathamangitsidwe kapena kugwidwa ndi manja, pakuti adzakanda ndi kuluma. Chakudya chiziikidwa m'bokosi kwa masiku angapo kufikira azolowere kulowamo, kenaka bokosilo litsekedwe ndi kufundika nsalu. Akafika kwao kwatsopano asamasulidwe panja, chifukwa mphaka amakonda malo ake akale ndipo adzayesa kubwerera. Akhale m'kachipinda kotseka kwa masabata 3 kapena 4, muli madzi, pobisala, ndi mchenga m'beseni lakale wochitiramo chimbudzi. Chakudya chizifika nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku: nsima pang'ono yosakaniza ndi matemba kapena usipa, pakuti mphaka ndi nyama yodya nyama ndipo nsima yokha siimkwanira. Wompatsa azikhala pansi chapatali, kulankhula motsitsa, osamyang'anitsitsa m'maso ndi osamtulutsa pobisala pake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mawu amodzi a otsutsa amene ndiwavomereza, ndiwo a matenda a chiwewe. Nthenda imeneyi ikangoonekera mwa munthu sichira. Kawirikawiri imachokera kwa agalu, koma mphaka nayenso angathe kuitenga ndi kuipatsira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo pambuyo pake ntchitoyo inafika ku Chiradzulu ndi kuno ku Zomba. Izi zitiphunzitsa kuti chiwewe chimagonjetsedwa ndi katemera. Chotero mphaka wathu asanapite kwa mwini wake watsopano, alangizi a ziweto amuone ndi kumbaya. Ndipo aliyense wa ife akalumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yosadziwika, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo.

Walira mvula walira matope. Mphaka wamkazi amakhala ndi bere miyezi iwiri yokha, ndipo angaswe kawiri kapena katatu pa chaka. Tikapanda kuganizira zimenezi, chaka chamawa tidzakhala ndi amantha asanu m'malo mwa mmodzi. Dokotala wa ziweto angathe kumchita opaleshoni kuti asaswenso. Izi zifuna ndalama, koma pasukulu pano tiripo ambiri. Aliyense akasiya chitumbuwa chimodzi cha Loweruka, tidzafika patali.

Pempho langa ndi ili. Kwa aphunzitsi athu olemekezeka, makamaka a sayansi, mutilole kusonkha ndalama ndiponso mutithandize kuitana alangizi a ziweto tisanatseke. Kwa anzanga ochokera m'midzi yapafupi, cha ku Songani ndi cha ku Malosa, mufunse kwanu ngati pali wina wodekha amene makoswe amvuta, ndipo dzina lake mulipereke kwa Akonzi a magazini ano. Kwa ena tonse, tileke miyala kuyambira lero. Tibwera kusukulu kudzaphunzira kusamala odwala, ana ndi osauka a dziko lathu, ndipo sindikhulupirira kuti munthu amene aponya chinthu chamoyo mumtsinje chifukwa chakuti chiri ndi mantha adzaigwira bwino ntchito imeneyo. Kwatsala masabata ochepa, tichite changu.

Wophunzira wa Folomu 3