Wotukwanizana naye pa foni mudzakumba naye manda

Kwa Katunga, ku Chikwawa, munthu amene mukukangana naye pa gulu la WhatsApp usiku ndi yemweyo mudzagwira naye khasu kumanda m'mawa. Nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, chimene Peter Mutharika anagonjetsa Lazarus Chakwera, ambiri tinaiwala zimenezi.

Amene amati ndale zimafuna ukali ali ndi mfundo, ndipo ndimawamva. Namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, Freddy nabweranso mu Malichi 2023. Munthu amene mapira ake anapita ndi madzi kawiri simungamuuze kuti atsitse mawu. Akuluakulu amakumbukanso nthawi ya chipani chimodzi, pamene ulemu unkatanthauza kutseka pakamwa. Mantha amenewo sanathe: mu 2022 apolisi anamanga namwino wina wa ku Ntcheu chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp zokhudza pulezidenti, pogwiritsa ntchito lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security. Ine apolisi sindiwafuna m'magulu athu.

Komabe ukali si chipongwe. Kufunsa mwaukali kuti madzi a ngalande ya Shire Valley Transformation Programme afika liti m'minda, kapena kuti mlimi wa nzimbe ku Kasinthula akutsala ndi zingati akadula ngongole, ndi mkwiyo wogwira ntchito. Koma wina akangolemba kuti “inu Asena” kapena “inu Alhomwe”, funso limafera pomwepo. Phungu amapumira m'mwamba, chifukwa amene anayenera kumupanikiza atembenukirana okhaokha.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti eni ndalewo sasunga mangawa. Malemu Gwanda Chakuamba anachoka ku MCP n'kuyambitsa Republican Party mu 2004. Malemu Sidik Mia anadutsa mu UDF, DPP ndi PP asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa MCP. Iwo ankasintha nsalu n'kugwirana chanza ndi amene ankalimbana nawo dzulo, pamene alamu awiri otukwanizana chifukwa cha iwo amatha chaka osabwerekana njinga.

Pabwalo la amfumu mlandu umatentha, koma nyakwawa salola munthu kutchula amayi a mnzake. Woyendetsa gulu la WhatsApp angachite chimodzimodzi: wosutsa boma amusiye anene zonse, wotukwana mtundu amuchenjeze kamodzi, akabwereza amutulutse.