Za Khonsolo ya Nkhotakota ndi Ndarama za M'misika

Kwa Mafumu athu olemekezeka ndi abale onse a Bungwe lino,

Pa msonkhano ulinkudzawu pa Chia, tipempha kuti mlandu woyamba ukhale wa ndarama zimene Khonsolo isonkhetsa m'misika mwathu. Mai wogulitsa chambo kapena mpunga sakana kulipira chiphaso chake. Koma akafunsa kumene ndaramayo ipita, palibe womuyankha, ngakhale mfumu yake yomwe.

Mwambo wa makhonsolo unachokera ku England. M'chaka cha 1894 anakhazikitsa kumeneko makhonsolo a maboma a kumidzi. Eni dziko anasankha okha anthu okhalamo, napereka msonkho pa nyumba ndi minda yao, ndipo msonkhowo unagwira nchito ya miseu, madzi ndi ukhondo momwemo. Chachikuru nchakuti mlembi wa khonsolo analembedwa nchito ndi khonsolo yomweyo, nayankha kwa iyo. Makhonsolo aja anatha mu 1974, pamene anawaphatikiza kukhala akuruakuru.

Kuno tinalandira dzina lake, koma mphamvu inatsalira m'njira. Mu 1933 Boma la Atsamunda linapatsa mafumu ulamuliro ndi mabwalo a milandu, ndipo m'zaka zotsatira anakhala ndi thumba laolao la ndarama. Komatu Bwana D.C. wa pa Kota Kota ndiye anali ndi mau otsiriza. Lamulo la 1998 linalonjeza kubwezera mphamvu kwa anthu. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yao inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe kufikira 2014. Pakatipo, mu 2010, lamulo linasinthidwa kuti Nduna ndiyo iziika D.C. Tsono munthu wosunga mabuku a Khonsolo adziwa bwino amene anamuika pa mpando, ndipo si ife ai.

Inu Mafumu mukhala m'Khonsolo, mulankhula, koma simuponya voti. Ena ati nchifukwa chake kupitako nkutaya nthawi. Ife tikana ndithu. Mfumu ikaimirira pamaso pa makhansala nifunsa kuti msika wakuti unasonkha zingati chaka chatha, funsolo lilembedwa m'buku la msonkhano, ndipo akalaliki sangalifafanize. Ndiponso lamulo la 2017 lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za Boma, limene linayamba kugwira nchito mu 2020, lilola munthu ali yense kupempha maakaunti ndi kalata.

Asodzi a pa Chia adziwa kale kuti anthu a kumudzi akhoza kusunga lamulo. Makomiti a m'madoko, pamodzi ndi mafumu, ndiwo aletsa makoka pa nyengo yoswana nsomba, nalondera malo opatulika m'thamandamu usiku, kawirikawiri popanda malipiro. Anthu otere sangalephere kuwerenga pepala la ndarama.

Chifukwa chake tiika pamaso panu mfundo iyi: Bungwe lilembe kalata kwa Bwana D.C. ndi kwa Wapampando wa Khonsolo, kupempha kuti ndarama zolowa ndi zoturuka za msika uli wonse zipachikidwe pa msika womwewo, m'Chichewa, miyezi itatu iri yonse. Ndipo Mafumu asankhe mmodzi wa iwo wokanena mau amenewa m'Khonsolo. Amene muli ndi ziphaso zakale za msika mubwere nazo, kuti tiwerengere pamodzi.

Ine wanu,
Mlembi wa Bungwe